Mutu 6: Nyimbo ya Eni pa Kashelefu

1. Shelefu yosagwira fumbi

Lachitatu pa 4 Juni, Tusajigwe Mwakalinga anatsegula shopu ya azakhali ake nkhungu isanachoke m'tauni ya Tukuyu. Sukulu zinali zitatsekera. Tusa, monga aliyense ankamuitanira, anali mu Fomu 3. Patchuthi ankathandiza azakhali ake a Ndimyake kuchita fotokope ndi kugulitsa makope. Makasitomala akachepa, laputopu ya m'shopumo inkakhala yake.

Pa laputopu imeneyo ndi pomwe ankayendetsera bulogu ya Kwaya ya Ipyana, kwaya ya achinyamata a kutchalitchi kwawo, momwe iye ankaimba alito. Buloguyo, tsamba la nkhani la pa intaneti, anaiyamba mu Febuluwale. Ankalembapo masiku ophunzira nyimbo ndi kuikapo zithunzi. Ambiri mwa owerenga anali ana a ku Tukuyu amene anasamukira ku Mbeya, ku Dodoma ndi ku Dar es Salaam, ndipo funso lawo silinkasintha: nyimbo zakwathu ndi mabuku ake tingagule kuti?

Yankho analipeza mu Meyi, pamene analumikiza pulagini pa buloguyo. Pulagini ndi kapulogalamu kakang'ono kowonjezera ntchito ina pa tsamba la pa intaneti. Aka kankakatenga zithunzi za mabuku ndi za zimbale ku sitolo ina ya pa intaneti ya ku Dar es Salaam, n'kuzindandalika m'mphepete mwa tsamba. Pansi pa buku pankakhala mtengo wake. Pansi pa chimbale pankakhala kabatani kolawitsa: munthu akakadina, ankamva chiyambi cha nyimbo. Akwaya anakapatsa dzina loti kashelefu.

"Ndiye shelefu yakoyo siifunika kupukuta?" anafunsa azakhali a Ndimyake, akuvula juzi lonyowa ndi mawawa.

"Siigwira fumbi, azakhali."

"Zabwino. Ndiye kuti uli ndi mpata wopukuta yangayi."

Tusa anaseka, n'kutenga kansanza. Tsiku linayamba bwino.

2. Chikuto chobiriwira

Dzuwa litakwera, makasitomala anatha. Kufikira tsiku limenelo kashelefu kanali ndi zinthu zochepa: mabuku awiri a nyimbo za m'tchalitchi, buku lophunzitsa kuwerenga manotsi, ndi chimbale chakale cha Ipyana. Tusa ankafuna kuti kadzaze. M'bokosi lofufuzira analemba dzina la boma lathu, Rungwe. Kenako anachonga kabokosi kena kamene anali asanakakhudzepo, kolembedwa kuti, "Onetsaninso zomwe zikubwera."

Nthawi yomweyo panja panaima njinga yamoto. Analowa Gwakisa, mwana wa azakhali a Ndimyake, msuweni wake wa Tusa. Anali atamaliza Fomu 4, ndipo podikira kusankhidwira ku Fomu 5 ankanyamula anthu pa njinga ya mkulu wake. M'kwaya ankaimba besi. M'manja anali ndi nthochi zootcha zokulunga pa nyuzipepala.

"Alito wa dziko lonse! Ukulembanso mabodza otani lero?"

"Ndikulemba kuti tapeza besi wina wogwira kiyi. Iweyo wapuma."

"Ndiye nthochizi ndidya ndekha."

"Bweretsa kuno. Taona izi."

Onse awiri anaweramira pa laputopu. Tsamba linali lisanatumizidwe kwa owerenga. Ankaliona iwo okha. Kashelefu kanali katadzaza. Panali buku la ulimi wa tiyi, lina la ulimi wa mapeyala, lina la nthano za Chinyakyusa, ndi zimbale za makwaya akale. Kumapeto kwenikweni kunali chikuto chobiriwira, chojambulidwa achinyamata ovala zoyera. Pansi pake panalembedwa kuti: "Kwaya ya Lwitiko, Kiwira. Nyimbo yatsopano. Ituluka pa 15 Juni." Kabatani kolawitsa kanali pomwepo.

Gwakisa anasiya kutafuna.

Mpikisano wa makwaya a achinyamata a m'dera lathu unali woti uchitike Loweruka pa 14 Juni. Kwaya iliyonse imaimba nyimbo ziwiri: ina yopatsidwa kwa onse, ina yopeka yokha. Lamulo la yachiwiriyi ndi lolimba. Iyenera kukhala yoti sinamvekepo pagulu. Ikapezeka kuti inamveka kale pawailesi, paukwati kapena pa intaneti, oweruza amaichotsa, ndipo kwaya yopanda nyimbo yachiwiri singapambane. N'chifukwa chake kuyambira mu Malichi akwaya amaphunzira mawindo ali chitsekere, ndipo kunyumba saloledwa ngakhale kuiimba posamba.

Lwitiko inapambana mu 2023 ndi mu 2024. Maulendo onse awiri Ipyana inali yachiwiri.

"Dina, msuweni," anatero Gwakisa motsitsa mawu.

"Iyayi."

"Pang'ono pokha. Ndingomva ngati ndi yothamanga kapena yodekha."

"Chotsa dzanja lako lamafutalo."

Tusa anatsegula tsamba la sitolo yeniyeniyo n'kufufuza dzina la Lwitiko. Panatuluka zimbale zawo zakale zokha. Chikuto chobiriwira panalibe.

"Waona? Sitolo yaibisa," anatero. "Koma kashelefu kakalowa mpaka kuchipinda kwa eni ake."

Gwakisa anakanda m'mutu. Kenako nkhope yake inawala ngati wotola chikwama.

"Basi, usamvere. Ndavomera, kumvera n'kuba. Iwe ingodina batani lotumiza. Tsamba lipite kwa anthu mmene lililimu. Achimwene a ku Dodoma adina okha, atumizirana okha. Pofika mawa nyimboyo yamveka dziko lonse, oweruza aichotsa. Akakufunsa udzati ndimaika mabuku a mapeyala. Ndi zoona kapena si zoona? Wolakwa ndi makina."

Tusa anayang'ana batani lotumiza. Linali labuluu, pakona yakumanja. Analidinapo kambirimbiri osaganiza n'komwe.

Anajambula chikuto chija ndi foni yake, n'kutseka laputopu.

"Tiye kwa aphunzitsi."

3. Pakhonde la telala

Bambo Mwaisumo, aphunzitsi a Kwaya ya Ipyana, anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde, kuseri kwa msika. Tsikulo ankasoka makolala a yunifomu ya mpikisano.

"Shikamoo, aphunzitsi," anapereka moni ana aja.

"Marahaba. Ngati mwadzera yunifomu, bwererani. Ya Gwakisa yandithera nsalu."

Tusa anafotokoza zonse mwadongosolo, n'kuwaonetsa chithunzi cha pafoni. Bambo Mwaisumo anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti munthu akagwira apa, imalira?"

"Eya, aphunzitsi."

"Ili mu kiyi yanji?" Anadzimenya pakamwa. "Ayi, usandiuze! Taonani, satana sasankha msinkhu."

"Sindinamvere, aphunzitsi."

"Wachita bwino. Nanga uyu akumwetuliranji?"

Gwakisa anafotokoza nzeru yake ya batani lotumiza. Anaifotokoza bwino, ngati loya. Bambo Mwaisumo anamulekerera mpaka anamaliza. Kenako anachotsa phazi pa makina.

"Khalani pansi, ana inu, mumve.

"Ine ndasoka madiresi a ukwati kuyambira mu 1989. Diresi limafika kuno ukwati ukadali kutali. Ndimaliyeza, ndimalidula, limagona m'nyumba muno. Ndimadziwa maonekedwe ake mkwati asanawadziwe. Koma munaonapo diresi la mwini litapachikidwa pakhonde pano kuti odutsa aone? Tsiku limene ndidzachite zimenezo ndidzakhala ndisanabe ulusi ngakhale umodzi, koma ndidzakhala nditamubera mkwatibwi tsiku lake. Nsalu munthu angathe kubweza. Tsiku silibwezedwa.

"Nyimbo yatsopano ndi chimodzimodzi. Ana a ku Kiwira aja anayamba kuiphunzira mu Malichi ngati inu nomwe. Nawonso atseka mawindo. Nawonso akalipiridwa, abwereza mzere umodzi mpaka mawu kusasa. Amayi awo owabereka sanaimvepo. Ndiye woyamba kuimva akhale iwe, Gwakisa, munthu wosaitanidwa?

"Ndipo usandiuze za makina. Makina angawa akasoka mokhota, kasitomala sakalipira makina. Amayang'ana mwini phazi limene likuponda. Chinthu chimene Tusa anaika pa tsamba lake chilibe maso, chilibe manyazi. Chimatola chilichonse chimene chapeza, ngati nkhuku. Maso ndi manyazi ali ndi Tusa. Akadziwa kuti ichi n'cha eni, n'kudinabe, wadina ndi iyeyo.

"Tinene kuti zatheka. Lwitiko yachotsedwa, chikho chabwera kwathu. Tidzachiika kutsogolo m'tchalitchi, anthu adzaomba m'manja. Koma Lamulungu lililonse inu awiri mudzachiyang'ana, ndipo mudzadziwa kuti Lwitiko simunaigonjetse. Ine ndakalamba, ana inu. Sindikufuna chikho chotola. Ndikufuna ndidzawaone a ku Kiwira ataimba mpaka anthu kuimirira, amayi kululutira, kenako ife tidzakwere n'kuwaposa. Kupambana ndi kumeneko. Zina zonse ndi zamasanje."

Gwakisa anayang'ana nsapato zake.

"Ndimangocheza, aphunzitsi."

"Ndikudziwa. Nthabwala zako zimalowa mochedwa ngati besi yako." Anatembenukira kwa Tusa. "Iwe mwanawe, kachotse chinthucho pa tsamba lako. Utseke, uiwale. Madzulo tikumane kokaphunzira."

Makina anayambanso kulira.

4. Zenera ndi khomo

Atabwerera kushopu, Tusa anachotsa chonga m'kabokosi kaja. Chikuto chobiriwira chinazimiririka. Mabuku a tiyi, a mapeyala ndi a nthano anatsala. Anawerenga tsamba lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo atakhutira anadina batani lotumiza.

"Nkhani yatha," anatero Gwakisa. "Ndapita, makasitomala akundidikira."

"Sinathe."

"Aphunzitsi anati chotsa, tseka, iwala. Wachotsa, watseka. Chatsala n'kuiwala. Ndikuthandize?"

"Ine ndatseka zenera langa lokha, Gwakisa. Khomo la kusitolo likadali lotsegula. Pulagini imeneyi si yanga ndekha. Aliyense amene ali nayo akalemba Rungwe n'kuchonga kabokosi kaja, aipeza. Wina sadzafunsa aphunzitsi ake."

"Ndiye vuto ndi lathu?"

"A ku Kiwira sakudziwa. Amene tikudziwa ndi ife."

"Iwe, ukufuna tikapulumutse anthu amene atichititsa manyazi zaka ziwiri? Unaiwala mmene anativinira pa basi?"

"Sindinaiwale. Ndikufuna chaka chino tidzawavinire ifeyo, iwo ataimba."

Azakhali a Ndimyake anali akumvetsera kwinaku akukhoma mapepala a kasitomala. Sanafunse zambiri.

"Pitani," anatero. "Pobwera mundigulire mapeyala, a ku Kiwira ndi amafuta. Ndipo iwe Gwakisa, mwana wa mchimwene wanga akabwera ndi bala ngakhale laling'ono, njingayo ndiigulitsa."

"Si yanga, amayi."

"N'chifukwa chake ndidzaigulitse mosavuta."

Ananyamuka. Nkhungu inali itachoka, ndipo phiri la Rungwe linkaoneka lonse. Msewu wa ku Mbeya unali wouma. Gwakisa anang'ung'udza mpaka atatuluka m'tauni, kenako anayamba kuimba nyimbo yopatsidwa kwa onse ija, Tusa n'kumalowetsa alito kumbuyo. Amayi ena osenza nthochi anaima n'kuwaseka.

5. Ku Kiwira

Aphunzitsi a Kwaya ya Lwitiko anali mayi Mwakipesile, ogulitsa nthochi zapikulitsa. Tusa ndi Gwakisa anawapeza pamsika akuyang'anira anyamata okweza mikoko ya nthochi m'lole yopita ku Dar es Salaam. Mawu awo ankamveka kutsidya kwa msewu.

Atalandira moni, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndikukudziwa iwe. Ndiwe alito wa Mwaisumo. Ndipo uyu ndi besi uja amalowa anzake atafika kale pa Ameni. Mwadzazonda?"

"Ayi, mayi. Tabwera ndi uthenga."

"Mwaisumo wagonja kale? Wachita bwino, asavutike ndi yunifomu."

Tusa anawapatsa foni. Mayi Mwakipesile anayang'ana chithunzi chija, ndipo nthabwala zinawathera. Anawakokera ana aja kuseri kwa lole.

"Wachitenga kuti ichi?"

Tusa anafotokoza za kashelefu, za mawu amene analemba, ndi za kabokosi kamene anachonga. Ananenanso kuti pa tsamba lake anachotsapo anthu asanaone.

"Wamvera?"

"Ayi, mayi."

"Nanga uyu?"

"Ankafuna."

"Ndimangofuna kuona ngati batani likugwira ntchito," anatero Gwakisa.

Mayi Mwakipesile anamuyang'ana, kenako anaphulika kuseka mpaka anagwira tayala la lole.

"Iwe ndiwe woona. Ukanati sunafune, ndikanadziwa kuti nonse mukunama."

Pomwepo anaimbira foni mwini situdiyo ya ku Mbeya kumene anajambulitsa nyimboyo. Anakweza mawu a foni kuti ana aja azimva. Bamboyo anadabwa. Anati iye amatumiza nyimbo kusitolo tsiku lisanafike kuti zidzatuluke m'mawa wotsatira mpikisano, ndipo anauzidwa kuti zimakhala zobisika. Analonjeza kuimbira asitolo nthawi yomweyo.

"Uwaimbire, ndipo undiyankhe ndisanamalize kudya," anatero mayi Mwakipesile. Anatseka foni. "Inu, tiyeni kunyumba. Munthu sabweretsa uthenga wotere n'kubwerera ndi njala."

Nyumba yawo inali kuseri kwa msika, pakati pa nthochi. Anawakhazika pakhonde n'kuwapatsa mbalaga, nthochi zophika pamodzi ndi nyama ya ng'ombe, ndi makapu a chambiko. Gwakisa anadya ngati munthu amene sanatsutsepo za ulendowu.

"Ndikuuze, mwana wanga," anatero mayi Mwakipesile kwa Tusa. "Ine ndi Mwaisumo tinaimbira kwaya imodzi tili achinyamata. Takhala tikulimbana zaka zonsezi, ndipo sindinamukonderepo ngakhale kamodzi. Koma iye akadzasiya, inenso ndidzasiya. Wopikisana naye wabwino ndi amene amakudzutsa m'mawa. Ukamupha, udzaimbira ndani? Lero wandisungira nyimbo yanga, ndipo ndidzanena pamaso pa ana anga onse. Koma usaganize kuti mbale iyi ndi chikho. Pa 14 tidzakugonjetsani ndithu."

"Tidzaona, mayi," anayankha Tusa.

"Wamva? Akuti tidzaona! Onjeza nyama, uli ndi mtima."

Dzuwa linali likuwomba bwino pakhondepo. Tusa anatambasula miyendo, n'kumwa chambiko chake mosafulumira.

6. Zonse ziwiri

Foni inalira mbale zisanachotsedwe. Anali mwini situdiyo uja.

"Zatheka, mayi. Asitolo apepesa. Azichotsa zonse ziwiri."

"Ziwiri ziti? Ine ndinajambulitsa imodzi."

"Yanu ndi ya Ipyana. Nawonso anajambulitsa kwa ine, pa 24 Meyi. Ndinazitumiza tsiku limodzi."

Tusa anaika kapu pansi. Zoti anajambulitsa ku Mbeya ankadziwa, poti iye anali pomwepo. Zoti nyimboyo inatumizidwa kale kusitolo sankadziwa.

"Pepani, bambo," anatero akuweramira pa foni. "Ndine wa ku Ipyana. Bwanji yathu sinaoneke pamene ndinalemba Rungwe?"

"Ya Lwitiko ndinailemba kuti ndi ya ku Rungwe. Yanu ndinailemba kuti ndi ya ku Tukuyu. Ikanaoneka kwa munthu wolemba Tukuyu."

Foni itatsekedwa, Gwakisa anapukuta pakamwa.

"Palibe vuto," anatero, koma mawu ake sanali a besi. "Aichotsa. Ndipo kuno kwathu ndani wina ali ndi kashelefu? Ndi Tusa yekha."

Mayi Mwakipesile anapukusa mutu.

"Si yekha," anatero. "Ifenso tili ndi bulogu. Amaiyendetsa mwana wanga Sekela, amene amaimba sopulano. Anaona kashelefu kako, anakasirira. Dzulo anakhala pa foni masana onse, akuti akuika kake."

Onse atatu anayang'anana. Pomwepo panamveka madzi akukhuthulidwa kuseri kwa nyumba, ndi mapoto akugundana. Wina ankatsuka ziwiya, akuimba cham'mphuno osatsegula pakamwa. Mawu ake anali abwino, okwera mosavutikira.

Tusa anamvetsera mzere woyamba. Anamvetsera wachiwiri. Woimbayo anapuma pang'ono pamalo pomwe alito amalowera, n'kupitiriza, osaphonya noti ngakhale imodzi. Inali nyimbo yatsopano ya Ipyana.

Mayi Mwakipesile anaona nkhope za alendo awo, ndipo sanafunikire kufunsa. Anaimirira n'kumanga bwino chitenje chawo.

"Sekela!" anaitana. "Siya mapotowo. Tabwera kuno, ndipo ubwere ndi foni yako."

Kuseri kwa nyumba nyimbo ija inadukira pakati.